MBIRI YA THOMAS MACLEAR, WOYESA NYENYEZI

Palibe munthu wa m'mbali mwa nyanja yino amene sanamve dzina la Cape Maclear. Tidziwa kuti ndiwo mtunda wolowa m'madzi kumwera kwa nyanja, kumene kuli mudzi wa Chembe. Tidziwanso kuti komweko amishoni a Livingstonia anayamba kumanga caka ca 1875, asanasamukire kuno ku Bandawe caka ca 1881. Koma mukafunsa kuti mwini dzinalo anali yani, ambiri angoti cete. Ena ayesa kuti anali mmishoni, ena ayesa kuti anali mwini sitima. Onsewo aphonya. Munthuyo sanaponde dziko lino, ndipo madzi a nyanja yathu sanawaone ndi tsiku limodzi lomwe. Iye anali woyesa nyenyezi wa ku Cape Town, wocezera usiku ndi usiku, diso lace liri pa galasi loonera kutari. Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri yace, kuti tidziwe cimene cinadzetsa dzina lace kwathu, ndi cimene nchito yace inaphunzitsa anthu za nyenyezi zimene tiziona ziri kuturuka m'nyanja madzulo onse pano pa Chintheche.

Tisasokoneze nchito imeneyi ndi ya oombeza ula. Woyesa nyenyezi safunsa thambo za mwai kapena tsoka la munthu. Iye angoyesa malo a nyenyezi iri yonse, nthawi imene ipita pakati pa thambo, kuwala kwace ndi kutari kwace, nalemba zonsezo m'buku, kuti wina wakudza m'mbuyo athe kuyesanso, naone ngati mnzaceyo ananena zoona.

UBWANA WACE

Thomas Maclear anabadwa pa 17 March 1794 m'mudzi wa Newtownstewart, m'dziko la Ireland. Anali mwana woyamba wa mbusa, dzina lace James Maclear. Caka ca 1808, akali mnyamata, anamtumiza ku England kwa amalume ace amene anali madotolo, kuti akaphunzire nchito ya mankhwala. Anaphunzira m'zipatala za ku London, ndipo caka ca 1815 analandira cilolezo ca udotolo, nayamba nchito m'cipatala ca ku Bedford. Caka ca 1823 anasamukira ku Biggleswade kukathandizana ndi mmodzi wa amalume acewo, ndipo caka ca 1825 anakwatira Mary Pearse.

Usana anali kuona odwala, koma mtima wace unali kumwamba. Anapalana ubwenzi ndi William Henry Smyth, mkuru wa m'zombo za nkhondo, amene anali ndi nyumba yoyang'aniramo nyenyezi ku Bedford. Maclear nayenso anamanga kanyumba kace kotero pabwalo pace, ndipo pamene anzace anali m'tulo iye anali kuyesa ndi kuwerenga. Kusamala kwace kunamveka kwa akuru a nzeru zimenezi, kotero kuti caka ca 1833 boma la Angerezi linamsankha akhale woyang'anira nyumba ya nyenyezi ya ku Cape of Good Hope. Potero dotolo wa zaka 39 anasiya odwala ace, natenga mkazi ndi ana, naoloka nyanja yaikuru, nafika ku Cape Town mwezi wa January 1834.

NCHITO YA KU CAPE

Nyumba imeneyo anaikhazikitsa caka ca 1820, cifukwa nyenyezi za kumwera sizioneka ku Ulaya, ndipo oyendetsa zombo anazifuna kuti asasocere panyanja. Malowo anali obvuta: kaphiri kozingidwa ndi madambo pakati pa mitsinje iwiri, ka njoka ndi mphepo. Woyang'anira woyamba, Fearon Fallows, anamwalira caka ca 1831. Waciwiri, Thomas Henderson, anakhala caka cimodzi cokha, nabwerera kwao. Koma Maclear anakhala pa nchitoyo zaka 36.

Patangopita masiku owerengeka iye atafika, anafikanso John Herschel, katswiri womveka wa nyenyezi, ndi galasi lace lalikuru. Awiriwo anakhala abwenzi, nathandizana kufikira Herschel anabwerera caka ca 1838. Herschel anasesa thambo lonse la kumwera, napeza nyenyezi zoposa 2,000 zimene diso liziyesa imodzi, koma m'galasi zioneka ziwiri zogundizana. Maclear anatenga nchito yosakoma kuisimba: kuyesa malo eni eni a nyenyezi, imodzi imodzi, kubwereza ndi kubwerezanso, ndi kupatsa zombo za padoko cizindikiro ca nthawi yoona. Anatsatanso nyenyezi ya mcira ya Halley pamene inaoneka caka ca 1835 ndi 1836.

NYENYEZI YAPAFUPI

M'masiku amenewo panali funso lakale limene linasautsa anzeru onse. Kuyambira nthawi ya Ptolemy wa ku Alexandria, m'dziko la Aigupto, anthu anagawa nyenyezi m'magulu 6 monga mwa kuwala kwace: zowalitsa m'gulu loyamba, zongooneka mwa cizimezime m'gulu lotsiriza. Koma kodi nyenyezi iwala cifukwa iri yaikuru, kapena cifukwa iri pafupi? Msodzi wa usipa adziwa bvuto limeneli. Usiku wa mdima, akaona kuunika panyanja, sadziwa msanga ngati ndi nyali yaing'ono ya bwato lapafupi kapena moto waukuru wa tsidya lija. Kopanda kudziwa mtunda, diso linyenga.

Njira yoyesera mtunda iripo, ndipo aliyense wopalasa bwato adaiona. Pamene muyenda m'mbali mwa gombe, mtengo wapafupi uoneka ngati uli kusuntha, koma mapiri a Viphya akutari angoima pomwepo. Dziko lathu nalonso ndi bwato loyenda mozungulira dzuwa. Pakapita miyezi 6 liri tsidya lina la njira yace. Cifukwa cace nyenyezi yapafupi iyenera kuoneka yosuntha pang'ono pakati pa zinzace zakutari. Koma kusunthako nkocepa kwambiri, monga kunenepa kwa cala cimodzi mukaciona pa mtunda wa mamailosi 3.

Henderson, m'caka cace cimodzi cija, anayesa nyenyezi yowala ya kumwera yochedwa Alpha Centauri, ndipo atabwerera kwao anaona m'manambala ace kuti iri kusuntha. Koma anakayika, poopa kuti kapena cipangizo cace ndico cinamnyenga, nazengereza kufikira January 1839. Pamenepo nkuti Friedrich Bessel wa ku Germany atalengeza kale, caka ca 1838, mtunda wa nyenyezi yina yochedwa 61 Cygni. Tsono anafunika mboni yaciwiri. Maclear anayesa Alpha Centauri kawiri kawiri m'zaka za 1839 ndi 1840, natumiza manambala ace kwa Henderson. Ndipo manambalawo anatsimikiza kuti kusunthako kulipodi. Akuru adanena kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ulemu wa kupeza unakhala wa Henderson, koma kudekha kumene kunacotsa cikayiko kunali kwa Maclear.

Lero tidziwa mtundawo bwino. Kuunika kuthamanga mamailosi 186,000 pa sekondi imodzi; kucokera ku dzuwa kufika kuno kutha mphindi 8; koma kucokera ku Alpha Centauri kutha zaka 4 ndi miyezi 4. Ndipo imeneyi ndiyo yapafupi mwa nyenyezi zonse zimene diso lokha litha kuziona usiku.

NYENYEZI IMENE INABUKA

Makolo athu ndi Azungu akale omwe anayesa kuti nyenyezi sizisintha. Koma mwezi wa December 1837 Herschel anadabwa poona kuti nyenyezi yina ya pafupi ndi Mtanda wa Kumwera, imene lero ichedwa Eta Carinae, yawala koposa masiku onse. Inazilala pang'ono, nibukanso. Mwezi wa March 1843 Maclear anaiona itapambana Canopus, nikhala yaciwiri kwa Sirius m'thambo lonse, nalemba zimene anaona. M'zaka zotsatira inazilala kufikira diso lokha linaleka kuiona. Anthu a nthawi imeneyo sanadziwe cifukwa cace. Anzeru a m'mbuyo mwao anapeza kuti nyenyeziyo iri kutari ulendo wa kuunika wa zaka ngati 7,500, kuti ndi yolemera kuposa dzuwa lathu ngati ka 100, ndi kuti pa nthawi ija inalavula mtambo waukuru wa mpweya ndi pfumbi, umene unaiphimba. Mtambowo uoneka m'magalasi kufikira lero. Cikhala Maclear ndi anzace sanalembe mokhulupirika zimene sanazimvetse, a m'mbuyo sakadakhala ndi poyambira.

Pakati pa 1841 ndi 1848 anagwiranso nchito yina yolemetsa, ya kuyesa dziko. Mfalansa wina, Lacaille, anayesa mtunda wa kumpoto kwa Cape Town caka ca 1752, ndipo manambala ace anaonetsa ngati mbali ya kumwera ya dziko lapansi isiyana maumbidwe ndi ya kumpoto. Maclear ndi omthandiza anakwera mapiri, nagona m'cisanu, nayesanso zonse. Napeza kuti kulemera kwa mapiri kunakoka cingwe coongolera ca Lacaille, nicimsoceretsa. Mulu wa miyala wa pansonga pa phiri la Table uchedwa ndi dzina la Maclear kufikira lero.

UBWENZI NDI DOTOLO LIVINGSTONE

Tsopano tifike pa cimene cikhudza ife. Caka ca 1852 Dotolo David Livingstone anatsikira ku Cape Town kukaperekeza mkazi wace ndi ana amene anali kupita ku Ulaya. Pokonzeka ulendo wace wa ku Zambezi, anapita kwa Maclear kukaphunzira kupeza malo ace pa dziko poyesa nyenyezi.

Nzeru yace ndi yotere. Munthu akapita kumwera, Mtanda wa Kumwera ukwera m'thambo. Akapita kumpoto, utsika. Abale athu Atonga amene anapita ku nchito ku Harare ndi ku Joni anauona uli pamwamba koposa muno. Tsono woyesa msinkhu wa nyenyezi ndi cipangizo cochedwa sextant adziwa kutari kwace ndi mzere wa pakati pa dziko. Ife a Chintheche tiri pafupifupi madigiri 12 kumwera kwa mzerewo. Kudziwa za kum'mawa ndi kumadzulo nkobvuta koposa, pakuti kufuna wochi yosaphonya, ndi kuyesa mpata wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi, kapena nthawi imene mwezi uphimba nyenyezi. Zonsezi zitheka pokhapo malo a nyenyeziyo adayesedwa kale ndi munthu wonga Maclear.

Livingstone anayenda kufika ku Luanda caka ca 1854 ndi ku Quelimane caka ca 1856, ali kuyesa nyenyezi usiku ngakhale m'malungo. Manambala ace anawatumiza ku Cape, ndipo Maclear ndi omthandiza anakhala pansi, nawawerengera, nakonza zolakwa, kufikira mitsinje ndi midzi inapeza malo ace pa mapu. Mwezi wa September 1859 Livingstone anafika pa nyanja yathu. Pa 2 September 1861 analowamo ndi ngalawa imene anthu anaisenza kulambalala mathithi a Shire, ali ndi Dotolo John Kirk ndi mphwace Charles. Pozungulira mtunda wa mapiri uja wa kumwera, anaucha Cape Maclear, pokumbukira bwenzi lace. Pa ulendo womwewo anapita m'gombe lathu lino, nafika dera la kwa Mankhambira.

Tinene zoona: nyanjayi sinali yotayika, ndipo mtunda uja sunali wopanda dzina. Makolo athu anaidziwa ndi magombe ace onse, nadziwa nyengo ya kulima poona Nsangwe, nadziwa kuti kuli kuca poona Nthanda. Cimene kuyesa kuja kunacita ndico kulemba malo a nyanja m'manambala amene mlendo wakutari atha kuwatsata. Potsata njira imeneyo sitima ya Ilala inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, iri ndi E. D. Young ndi Dotolo Robert Laws. Pa njira yomweyo panadzeranso amalonda, ndi boma la Angerezi caka ca 1891. Zokoma ndi zowawa zinalowera khomo limodzi. Nzeru ya kuyesa iri ngati mkondo: ipha nyama ya banja, ilasanso mbale, monga mwa dzanja limene liugwira.

UKALAMBA NDI IMFA YACE

Caka ca 1860 Mfumukazi Victoria anampatsa ulemu wa Sir, ndipo caka ca 1869 bungwe la Royal Society linampatsa mendulo cifukwa ca kuyesa dziko kuja. Koma mabvuto sanamlambalale. Mkazi wace anamwalira caka ca 1861, caka comwe dzina lace linafika pa nyanja yino. Anapuma pa nchito caka ca 1870, nakhala ku Mowbray. Bwenzi lace Livingstone linamwalira kwa Chitambo caka ca 1873. Ndipo pofika caka ca 1876 maso aja amene anayang'ana thambo zaka zambiri anacita khungu. Munthu wa nyenyezi anatsiriza masiku ace osaona ndi Nthanda yomwe. Anamwalira pa 14 July 1879, ali ndi zaka 85, namuika pambali pa mkazi wace pabwalo la nyumba ya nyenyezi. Manambala ace ambiri anatsala m'mabuku osasindikiza. Olowa m'malo mwace, Edward Stone ndi David Gill, ndiwo anawakonza nawaturutsa. Anafesa iye, anakolola ena.

MITUNDU YA NYENYEZI

Pamene anthu anayamba kudziwa mtunda wa nyenyezi, anatha kuzindikira kuti siziri za mtundu umodzi. Ena anaphunzira kumwaza kuunika kwa nyenyezi m'galasi monga utawaleza, naona m'menemo kutentha kwace ndi zimene ziri m'kati mwace. Mai Annie Jump Cannon wa ku Harvard anagawa nyenyezi zoposa 225,000 m'magulu ochedwa ndi zilembo O, B, A, F, G, K, M, kuyambira zotenthetsa kufikira zozizirapo. Mabuku ace anaturuka pakati pa 1918 ndi 1924. Caka ca 1925 Cecilia Payne anaonetsa kuti mbali yaikuru ya nyenyezi ndi mpweya wopepuka wochedwa hydrogen. Kotero nyenyezi iri yonse ndi dzuwa, ndipo dzuwa lathu ndi nyenyezi ya gulu la G. Nthanda siiri m'gulu limeneli, pakuti ndi dziko lozungulira dzuwa monga lathu, longobwereka kuunika. Ndico cifukwa cace siphethira monga zinzace.

Maonekedwe a nyenyezi anena za moto wace. Penyani citsulo m'cipala ca wosula: ciyamba kufiira, cikatenthetsa cicita cikasu, potsiriza ciyera mbuu. Momwemonso kumwamba. Zofiira ziri ndi kutentha kwa madigiri ngati 3,500 pakhungu pace. Dzuwa lathu ngati 5,500. Zoyera ngati Sirius ziyandikira 10,000. Ndipo zoyera mobiriwira zipitirira pamenepo.

Inu nokha mutha kuona mitunduyi popanda galasi. M'dzinja, mwezi wa January kapena February, mitambo ikang'ambika madzulo, funani nyenyezi zitatu zondondozana zimene Azungu aziwerengera m'gulu la Orion. Kumpoto kwa izo kuli Betelgeuse yofiira, cimphona cokalamba. Mukaiika pa malo a dzuwa ikadameza dziko lathu ndi njira yace yonse. Kumwera kwa izo kuli Rigel, yoyera mobiriwira, ya moto woopsa. Tsatani mzere wa zitatuzo cakum'mawa ndi kumwera, mudzafika pa Sirius, yowala koposa zonse. Iwala ngati madzuwa 25, ndipo iri pa ulendo wa kuunika wa zaka zosakwana 9. Iri ndi kamnzace kamene kanaoneka koyamba caka ca 1862, kakang'ono ngati dziko lathu koma kolemera ngati dzuwa. Ameneka ndi khala lotsala la nyenyezi imene inatha nkhuni zace. Kumwera kwa Sirius kuli Canopus, yaciwiri m'maso mwathu. Koma iyo iri pa zaka ngati 310, ndipo iwala ngati madzuwa 10,000. Yoyamba m'maso siyo yoyamba m'mphamvu.

M'nyengo ya mwera, mwezi wa May kapena June, imani pamcenga madzulo, mupenye ca ku Bandawe. Mudzaona Mtanda wa Kumwera uli ciriri m'kati mwa Mlalang'amba, ndi nyenyezi ziwiri zowala kudzanja lace lamanzere, ngati ziri kuuloza. Yakutari ndi Mtandawo, yacikasu, ndiyo Alpha Centauri ija. M'galasi ioneka madzuwa awiri ozungulirana, otsiriza ulendo wao m'zaka ngati 80. Ndipo caka ca 1915 Robert Innes wa ku Johannesburg anapeza kacitatu kofiira, Proxima, kamene kali pafupi ndi ife koposa zonse, koma diso silikaona konse. Inzace ya pafupi ndi Mtanda, Beta Centauri, ioneka ngati mnansi wace wa khomo limodzi, cikhalireco iri kutari zaka zoposa 350.

Abale, ici ndico cimene moyo wa Maclear utisiyira. Diso liti yowala ndiyo yaikuru, ndipo ziwiri zoyandikana ziri pamodzi. Koma woyesa modekha apeza kuti yapafupi koposa zonse ndi yosaoneka, ndi kuti yooneka yaciwiri ipambana yoyamba kutaritari. Ciri comweco ndi anthu. Dzina la Livingstone limveka ponse ponse. La munthu amene anawerengera manambala ace pa nyali ya usiku tingolichula osadziwa mwini wace. Ndipo la amuna aja amene anasenza ngalawa pa mathithi a Shire silinafike m'makutu athu. Inu aphunzitsi, turutsani ana pagombe usiku wopanda mwezi, muwaonetse Sirius ndi Canopus, muwafunse kuti yaikuru ndi iti. Akayankha monga mwa maso, muwauze za dotolo wa ku Ireland amene sanakhulupirire diso lace kufikira atayesa.